Musanamizire mphepo ya ku Bantry

Mnzanga wina wokonda mabuku a mbiri yakale wandisowetsa mtendere sabata ino. Akuti namondwe akanapanda kuwomba ku Bantry Bay mu Disembala 1796, bwenzi dziko la Ireland litathana ndi ulamuliro wa Angerezi kalekale. Amaikamba nkhaniyi ngati kuti ufulu wa mtundu wonse unaluzika chifukwa cha nyengo basi.

Poyambira ali napo. Wolfe Tone wa gulu la United Irishmen anapita ku Paris n'kukopa boma la France, ndipo linatumiza zombo 43 ndi asilikali pafupifupi 14,000 motsogozedwa ndi Lazare Hoche. Mphepo inabalalitsa zombozo, cha Hoche n'kusochera. Amene anafika pagombe anakhala masiku akukankhidwa ndi mafunde mpaka anabwerera osaponda mtunda.

Chabwino, timulole mnzangayo. Tinene kuti nyanja inali bata, Afalansa atsika, alanda Cork, alowa mu Dublin. Nanga kenako? Kafunseni Adatchi. Mu 1795 asilikali a France analowa kwawo ngati abwenzi n'kuwathandiza kukhazikitsa Batavian Republic. Malipiro ake anali magilda 100 miliyoni, kuwonjezera apo kudyetsa ndi kuveka asilikali a France 25,000. Mu 1806 Napoleon anawaikira mng'ono wake Louis kukhala mfumu, mu 1810 n'kulimeza dziko lonselo. Ndani angakhulupirire kuti Ireland ikanachitiridwa chifundo chapadera?

Taonaninso zimene zinachitikadi mu 1798. Anthu a ku Ireland ataukira mu Meyi, ambiri ali ndi mikondo yosula kumudzi, Napoleon anali panyanja ndi asilikali oposa 30,000, ulendo wa ku Egypt. Thandizo linafika ku Killala pa 22 Ogasiti, patatha miyezi iwiri oukirawo atagonja kale pa Vinegar Hill, ndipo anali asilikali ongopitirira pang'ono 1,000 a Jean Humbert. Anapirikitsa gulu la boma ku Castlebar, inde, koma pa 8 Seputembala anatula zida pansi ku Ballinamuck. Afalansa anasungidwa ngati akaidi a nkhondo n'kubwezedwa kwawo. Alimi ambiri amene anawatsatira anaphedwa pomwepo, ena kunyongedwa. Tone anagwidwa mu Okutobala n'kufera m'ndende ku Dublin mwezi wotsatira.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa nthawi zonse. Mlendo wodzathandiza pankhondo ali ndi kwawo kobwerera, mwini mudzi alibe. Asilikali a Spain amene anafika ku Kinsale mu 1601 anagwirizana ndi Angerezi n'kukwera zombo zawo, tsoka n'kutsalira mafumu a ku Ulster. Mu 1916 chombo cha Germany chotchedwa Aud chinanyamula mfuti 20,000 zopita kwa oukira a ku Ireland, koma zonse zinathera pansi pa nyanja. Makolo athu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la Paris linali fodya wapachala kuyambira tsiku loyamba, namondwe awombe kaya asawombe.

Boma limene anthu a ku Ireland anapeza mu 1922, ngakhale zigawo zisanu ndi chimodzi zakumpoto zinatsalira kwa Britain, linabwera popanda gulu lankhondo la dziko lina kutsika pagombe lawo. Analipeza ndi mavoti awo a mu 1918, ndalama za abale awo a ku America ndi magazi a ana awo. Choncho wina akadzakuuzani za mphepo ya ku Bantry, mufunseni kuti Afalansawo akanatsika, akanawachotsa ndani.