Wirtz sanaiwale mpira, ankaimikidwa pamalo olakwika

Pofika pakati pa Novembala 2025, masewero 11 adali atapita mu ligi ya ku England ndipo Liverpool, timu yomwe idatenga chikho mu Epulo chaka chomwecho, idali pa nambala 8 ndi mapointi 18. Idali itapambana kasanu ndi kamodzi, itagonja kasanu, ndipo Arsenal idali itaisiya ndi mapointi 8. Timu yaikulu ikamaterereka chonchi, ochemerera amafuna munthu womusenzetsa mlandu, ndipo sanachedwe kumupeza. Adali Florian Wirtz, mnyamata wa ku Germany wa zaka 22 panthawiyo, yemwe adagulidwa mu Juni kuchokera ku Bayer Leverkusen pa mtengo wa mapaundi 100 miliyoni, omwe angakwere mpaka 116 miliyoni. Mu ligi adali asanagoletse, ndipo adali asanapangire mnzake chigoli ngakhale chimodzi. M'malo oonetsera mpira ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi, ochemerera Manchester United, omwe akhala akusekedwa zaka zonsezi, adapeza pobwezera chipongwe.

Aseke, nthawi ndi yawo. Koma onse amene akunena kuti ndalama za Liverpool zidalowa m'madzi akuloza chala munthu wosalakwa. Miyendo ya Wirtz ilibe vuto. Chidavuta ndi malo omwe mphunzitsi Arne Slot ankamuimika. Malo a mnyamatayu ndi kumanzere, m'kampata ka pakati pa wotchinga wa kumanja ndi wotchinga wa pakati wa timu yomwe akumenyana nayo. Kumuika pakatikati, kumbuyo kwa womwetsa zigoli, pa nambala 10, kunkawononga zinthu ziwiri pakamodzi: luso lake, ndi dongosolo lomwe lidapatsa Liverpool chikho.

Tione kaye zomwe akuluakulu a timuyi adaona asanatulutse ndalama. Mu sizoni ya 2023/24, Leverkusen ya Xabi Alonso idatenga ligi ya Germany osagonja ngakhale kamodzi. Idapambana masewero 28 n'kufanana mphamvu pa masewero 6, zomwe ngakhale Bayern Munich ndi chuma chake chonse sidachitepo. Wirtz adachinya zigoli 11 mu ligimo, zitatu mwa izo pa tsiku lomwe adatsimikiza chikho pothambitsa Werder Bremen 5-0, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Uyu ndi munthu yemwe adavulala bondo kwambiri mu Malichi 2022, World Cup ya ku Qatar n'kumudutsa, koma adabwerera ali wakuthwa kuposa kale. Wotereyu sangaiwale mpira chifukwa chongowoloka nyanja.

Funso lomwe oseka sakudzifunsa ndi lakuti ankaima pati pomwe ankachita zonsezi. Alonso ankaimika otchinga atatu kumbuyo, anayi pakati, ndi awiri kumbuyo kwa womwetsa zigoli. Wirtz anali wa kumanzere mwa awiriwo. Kunja kwake, m'mbali mwa mzere, kunkathamanga Alejandro Grimaldo, yemwe ankakokera wotchinga kutali n'kumusiyira Wirtz danga. Kumbuyo kwake kunali Granit Xhaka, yemwe ankamupatsira mpira wapansi, wa kuphazi, iye asanauitanitse n'komwe. Popeza Wirtz amamenya kwambiri ndi mwendo wa kumanja, akalandirira mpira pamenepo amatembenukira mkati, bwalo lonse n'kukhala patsogolo pake. Amaona golo, amaona mnzake amene akuthamanga, amasankha. Mpira ukamupulumuka, kumbuyo kunali anthu asanu okonza zinthu.

Ku timu ya dziko lake nkhani ndi yomweyo. Julian Nagelsmann ankamuyambitsira kumanzere n'kumulola kulowa mkati. Chigoli choyamba cha mpikisano wa Euro 2024, pomwe Germany idakwapula Scotland 5-1 ku Munich, adachinya ndi Wirtz atachoka mbali imeneyo n'kutulukira pakhomo pa bokosi popanda womuona. Pa 17 Novembala 2025, Germany itaswa Slovakia 6-0 n'kudzigulira malo ku World Cup, zigoli ziwiri za Leroy Sané adakonza ndi Wirtz yemweyu. Aphunzitsi awiri omwe amudziwa kwa zaka ankamuimika malo amodzi. Slot yekha ndiye adaganiza zina.

Tsono tibwere ku Anfield, kwawo kwa Liverpool. Liverpool idatenga ligi ya 2024/25 ndi mapointi 84 chifukwa cha mgwirizano womwe aliyense ankauona. Mohamed Salah adachinya zigoli 29 n'kukonza zina 18, ndipo mwini wake adanena poyera kuti mphunzitsi adamupeputsira ntchito yobwerera kukatchinga. Ntchito imeneyo sidathe ayi, idangosenzedwa ndi wina. Woisenzayo adali Dominik Szoboszlai. Pa pepala adali nambala 10, koma zigoli zake mu ligi zidali 6 zokha, chifukwa ntchito yake yeniyeni idali kuthamanga. Iye ndiye ankayamba kupanikiza adani akakhala ndi mpira, iye ndiye ankatseka mpata womwe Salah wasiya, iye ndiye ankabwerera kudzathandiza Ryan Gravenberch ndi Alexis Mac Allister. Nambala 10 wa Liverpool adali mapapo a timu.

Pamalo amenewo ndi pomwe Slot adaikapo Wirtz sizoni itayamba. Szoboszlai adakankhidwira uku ndi uku mpaka kukatchinga kumanja, komwe adaseweranso bwino n'kuchinya firikiki yomwe idagonjetsa Arsenal 1-0 mu Ogasiti. Koma pakati pa bwalo padatseguka. Wirtz si waulesi, amathamanga ndithu, koma alibe thupi la Szoboszlai, ndipo sanazolowere kulimbirana mipira ya m'mwamba ndi yogwa kachiwiri yomwe matimu a ku England ankaikonda chaka chimenecho. Kupambana kasanu kotsatizana koyambirira kudabisa matendawa, chifukwa zigoli zambiri zopulumutsa timu zinkabwera mphindi zotsiriza. Kenaka Crystal Palace, Chelsea, Manchester United ndi Brentford adaigonjetsa motsatizana, ndipo chomwe chidabisika chidaonekera.

Kwa Wirtz mwini wake, pakatikati ndi pothina. Amalandira mpira atafulatira golo, munthu ngati Moisés Caicedo akumupumira m'khosi, otchinga awiri ali tcheru kutsogolo. Kuwonjezera apo, Trent Alexander-Arnold, yemwe ankatha kuboola mizere ya adani ndi mpira umodzi kuchokera kumbuyo, adapita ku Real Madrid. Palibe Xhaka, palibe Trent. Mpira ukachedwa kumufika, Wirtz amatsika kukautenga yekha pafupi ndi otchinga a timu yake, kutali ndi komwe amaopsa. Munthu wagula ng'ombe ya mkaka, waimanga pa ngolo, kenaka akudandaula kuti ikuyenda pang'onopang'ono ndipo mkaka sukutuluka.

Umboni wa zomwe ndikunenazi Slot adauona ndi maso ake. Pa 4 Novembala, Real Madrid itabwera ku Anfield, adabwezeretsa atatu a pakati omwe adatenga ligi aja, Szoboszlai pa nambala 10, ndipo Wirtz adayambira kumanzere Andy Robertson ali kumbuyo kwake. Liverpool idapambana 1-0 ndi mutu wa Mac Allister, ndipo pakadapanda goloboyi Thibaut Courtois zigoli zikadachuluka. Usiku umenewo Wirtz ankaoneka ngati uja wa ku Leverkusen, pamaso pa Alonso yemwe adamulera, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa Madrid. Milungu iwiri m'mbuyo mwake ku Frankfurt, Salah atayambira pa benchi, Wirtz adayambiranso cha m'mbali n'kumalowa mkati, ndipo adakonza zigoli ziwiri timu itapambana 5-1. Masewero ake abwino kwambiri mu malaya ofiira adabwera pomwe sadakhomeredwe pakati.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo ayenera kuyankhidwa.

Yoyamba ndi ya Manchester City. Patangopita masiku asanu chigonjetsere Madrid, Wirtz adayambiranso kumanzere ndipo Liverpool idakunthidwa 3-0 ku Etihad. Zoona, ndipo tsiku limenelo adazimirira. Koma adazimirira ndi timu yonse, ndipo munthu yemwe adaizunza kwambiri, Jérémy Doku, ankachokera mbali inayo, komwe Salah sankabwerera kudzathandiza wotchinga wake. Ngati sewero limodzi loipa likukwanira kuthetsa ganizo, nanga ganizo la nambala 10, lomwe lidapatsidwa miyezi iwiri yathunthu osabala kanthu mu ligi, linkasungidwiranji?

Yachiwiri ndi ya Cody Gakpo. Kumanzere kudali kwake, adachinya zigoli 10 mu ligi sizoni ya 2024/25, ndipo Luis Díaz atagulitsidwa ku Bayern Munich adatsala yekha. Gakpo ndi wosewera wabwino, koma otchinga onse ku England aloweza zomwe amachita: kulowa mkati, kuika mpira ku mwendo wa kumanja, kumenya. Amatsekanso njira ya Milos Kerkez, yemwe adagulidwa ku Bournemouth chifukwa chothamanga m'mbali mwa mzere mpaka kumapeto kwa bwalo, koma ku Liverpool ankaoneka wosokonezeka. Wirtz akalowa mkati, mzere wonse umasiyidwira Kerkez kapena Robertson, monga zinkachitikira ndi Grimaldo. Kusintha kumodzi kungadzutse osewera awiri ogulidwa ndi ndalama zambiri. Gakpo ankayenera kukhala pa benchi n'kumalowa otchinga atatopa. Timu yomwe ikufuna zikho siichita manyazi kukhazika pansi wosewera wabwino.

Yachitatu ndi ya anthu ofatsa omwe akuti tingodikira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha n'kwabwino ngati munthu ali pamalo oyenera. Ochemerera Liverpool akumbuke za Roberto Firmino. Adabwera kuchokera ku Hoffenheim mu 2015, Brendan Rodgers n'kumamuponya m'mbali, anthu n'kumati timu yaberedwa. Chidamusintha sichidali nthawi. Jürgen Klopp atafika mu Okutobala adamuika kutsogolo pakati kuti azitsika n'kumatsegulira anzake njira, ndipo mu Novembala adachinya chigoli chake choyamba Liverpool itagonjetsa City 4-1 pakwawo. Akumbukenso Philippe Coutinho, yemwe ku Anfield ankasewera m'kampata komweka ka kumanzere. Barcelona idamugula mu Januwale 2018 ndi ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni isanadziwe pomuimika mu timu yomwe mipira yonse inkadzera kwa Lionel Messi. Idadikira zaka, ndipo Coutinho uja sadabwererenso.

Mlandu wina ukhale pa omwe ankagula osewera, Richard Hughes ndi Michael Edwards. Adawononga ndalama zoposa mapaundi 400 miliyoni m'nyengo imodzi: Wirtz, Hugo Ekitiké, Kerkez, Jeremie Frimpong, ndi Alexander Isak yemwe mtengo wake wa mapaundi 125 miliyoni udaposa wina aliyense m'mbiri ya mpira wa ku Britain. Palibe angaiwale kuti imfa ya Diogo Jota mu Julayi idasiya bala ndi mpata womwe palibe adaukonzekera. Komabe kusonkhanitsa Salah, Isak, Ekitiké ndi Wirtz, anthu anayi omwe aliyense amafuna mpira ubwere kwa iye, n'kugulitsa Díaz yemwe ankathamangitsa adani osatopa, kenaka n'kulephera kumaliza zogula wotchinga Marc Guéhi pa tsiku lotseka msika, n'kugula kotengeka ndi maina. Adagula wojambula wa Leverkusen n'kusiya makoma omwe ankajambulapo, ndiye akudabwa.

Zidamveka m'nyuzipepala kuti chimodzi mwa zomwe zidakopa Wirtz kukana Bayern Munich ndi momwe Slot adamufotokozera kuti adzakhala phata la timu pakati pa bwalo. Ngati padali lonjezo lotere, Slot ankayenera kuliphwanya. Mphunzitsi salipidwa kuti asunge mawu omwe adalankhula pokopa wosewera, amalipidwa kuti apambane masewero. Ndipo Wirtz sataya kanthu. Kuyambira kumanzere sikumuchotsa pakati pa zinthu, kumangomupatsa khomo lolowera lomwe lilibe alonda atatu.

Chomwe Slot ankayenera kuchita n'chosavuta kunena. Gravenberch ndi Mac Allister pakati, Szoboszlai patsogolo pawo, Salah kumanja, womwetsa zigoli mmodzi yekha pakati pa Ekitiké ndi Isak, Wirtz kumanzere, ndipo wotchinga wa mbali imeneyo auzidwe kuti mzere wonse ndi wake. Akatero asasinthenso sabata ndi sabata. Mnyamatayu adayesedwa pakati, kumanja, kumanzere ndi pa benchi m'miyezi itatu yokha, ndipo palibe wosewera angagwirizane ndi anzake ngati Loweruka lililonse akupeza oyandikana nawo atsopano.

Nthawi yoyesera izi idali yomweyo, chifukwa mu Disembala 2025 Salah ankayembekezeka kupita ku Morocco kukasewerera Egypt mu chikho cha maiko a mu Africa, ndipo akadatha kusowa mpaka mkati mwa Januwale. Masabata amenewo Liverpool inkayenera kupeza munthu wina woti mipira izidzera kwa iye. Salah adali ndi zaka 33, Wirtz adali ndi 22, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chenicheni chomwe ndalama zija zidatulukira. Wirtz akadafika Disembala asanakhazikike pamalo amodzi, udindo umenewo ukadamugwera ali wosakonzeka. Slot ankayenera kumupatsa masewero khumi otsatizana kumanzere. Akadalephera pamenepo, a Manchester United akadaseka mpaka nthiti kuwawa ndipo palibe akadawaletsa. Koma Slot akadapitiriza kumukhomera pakati, funso la pa Anfield likadasintha posachedwa: anthu akadasiya kufunsa za mtengo wa wosewera, akadayamba kufunsa za ntchito ya mphunzitsi.