Za Mphamvu ya Thupi ndi Luso la Nkhonya ku China

Mwezi uno tifuna kuti tikambirane za dziko lakutali la China. Ambiri mwa anyamata athu aona m'zithunzi zoyenda kamunthu kochepa thupi kakugwetsa zimphona khumi, ndipo ayesa kuti anthu a kumeneko ali ndi chinsinsi chimene chipambana mphamvu ya minofu. Tsono tiyeni tione chimene mbiri yao itiuza.

M'chaka cha 702 mfumu yaikazi Wu Zetian inakhazikitsa mayeso osankhira atsogoleri a nkhondo. Pa nthawi ya mafumu a Qing, munthu wofuna udindo umenewo anayamba ndi kuponya mivi ali pa kavalo, naponyanso ali chilili pansi. Atatha izi anayesedwa mphamvu yeniyeni m'njira zitatu: kukoka uta wolimba, kuzunguza chimpeni chachikulu cha mpini wautali, ndi kunyamula mwala. Muyeso wao wa kulemera unali jin, ndiyo yopitirira pang'ono theka la kilogalamu. Zimpenizo zinali za jin 80, 100 ndi 120, miyala inali ya jin 200, 250 ndi 300. Mwala waukuluwo unalemera pafupifupi makilogalamu 180, ndiko kupambana matumba atatu a chimanga. Wolephera kuudzutsa pansi sanathe kudzikanira ndi mau okoma.

Kazembe wotchuka Qi Jiguang, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1528 kufikira 1588, nagonjetsa achifwamba a panyanja, analemba buku lophunzitsira asilikali. M'menemo analangiza kuti zida zophunzirira zikhale zolemera koposa zida za kunkhondo, pakuti dzanja lozolowera cholemera lipeza chopepuka chili chofewa kuchigwiritsa. Anatchulanso za kumanga timatumba ta mchenga kumiyendo pothamanga, kuti pakutimasula miyendo ipepuke.

Anthu wamba a m'midzi nawonso anali ndi zipangizo zao. China chitchedwa shisuo, ndiwo mwala wosemedwa ngati loko wamkulu, wokhala ndi chogwirira. Munthu aunyamula, auponya m'mwamba, nauwakha. China ndi mtengo wokhala ndi miyala iwiri yoboola pakati, wina uku wina uku. Palinso kaimidwe kotchedwa mabu, pamene munthu atangadza miyendo napinda maondo monga wokwera kavalo, nakhala chomwecho nthawi yaitali kufikira ntchafu zitentha.

Koma aphunzitsi ena, makamaka a taijiquan, achenjeza kuti munthu wodalira minofu yokha auma thupi, achedwa, ndipo mnzake wochenjera amgwetsa ndi mphamvu yake yomwe. Mau amenewa ali ndi nzeru, koma tisawamve molakwa. Sakana mphamvu iai. Akana mphamvu yosaweruzika. Pakuti ngakhale ku Chenjiagou, mudzi umene uli chiyambi cha luso limeneli, ophunzira agwedeza mtengo wautali wolemera kuti chiuno ndi miyendo zilimbe. Kotero luso liongolera mphamvu monga mpini uongolera khasu, ndipo chimodzi chopanda chinzake sichilima munda.

Mayeso a miyala aja anathetsedwa m'chaka cha 1901, popeza mfuti zamakono zinachititsa uta ndi chimpeni kukhala zopanda ntchito kunkhondo. Koma mwala wa loko sunatayike. Anthu ena aunyamulabe chifukwa cha thanzi ndi masewera.

Tsono inu makolo, mwana wanu akafuna kukhala wamphamvu ngati anthu aja, muuzeni zoona: palibe mphini kapena chithumwa chimene chinadzutsa mwala wa jin 300. Anaudzutsa ndi thukuta la zaka zambiri, kuyambira pa kamwala kakang'ono. Musamlole kuyamba ndi katundu wompambana msinkhu, angathyoke msana nakhala wolemala moyo wake wonse. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.