Mukaika mababu a LED, musataye chivundikiro

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene ndinakuphunzitsani ndipo pano muli ndi magalimoto anuanu, lero za MSCE tiziike kaye pambali. Ndikufuna ndiulule kupusa kwanga.

Mu Meyi 2023 ndinachotsa mababu akale a halogen pa ka Corolla kanga n'kuika a LED. Makaniko atamaliza anandipatsira m'manja zivundikiro ziwiri za labala zimene zimatseka kumbuyo kwa nyali. "Aphunzitsi, izi sizikukwananso, mababu atsopanowa ali ndi fani kumbuyo." Ine osafunsa, ndinangoziponya mu buti.

Poyamba ndinkanyadira kuwala kwake. Koma kuno ku Dedza nyengo mukuidziwa. Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi lokhalokha pamsewu wopita kusukulu kwathu, kenako mvula, ikatha mvula nkhungu ya Juni. Zonsezi zinkalowa pabowo limene ndinasiya lija.

Amene munamvetsera Physics mukukumbukira kuti mkati mwa nyali muli mbale yonyezimira imene imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pamsewu. Ikachita fumbi, kuwala kumangomwazikana. Iwe woyendetsa suona patali, pomwe mnzako wochokera kutsogolo ukumuthobwa m'maso. Chinanso, babu wa halogen wa mawati 55 amatenthetsa galasi n'kuumitsa chinyezi. Wa LED kutentha kwake kumathawira kumbuyo, ndiye timadontho timangokhala pagalasipo.

Usiku wina mu Juni 2024 ndikuchokera ku Lilongwe pa M1, nditangodutsa Linthipe, nkhungu itagwira, ndinaona bambo wa njinga atanyamula thumba la kachewere ndili naye kale pafupi. Ndinaponda buleki mpaka galimoto inazima. Bamboyo sanadziwe n'komwe. Ine ndinakhala pambali pa msewu manja akunjenjemera, ndikuganiza kuti mwina ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanga.

Maganizo anga ndi awa: nyali yopanda chivundikiro ntchito yake sinathe, musalipire. Walira mvula walira matope. Ngati ndalama ya LED yapezeka, ipezekenso ya chivundikiro chakuya chimene chimasiyira fani malo. Yezani kukula kwa bowo musanapite kukagula. Ena amati jumbo ndi tepi zikwanira. Ayi ndithu, jumbo imakola fani, babu n'kupsa. Timapaipi topumira nyali musatitseke, ndi momwe chinyezi chimatulukira. Mukamaliza, imikani galimoto moyang'ana khoma madzulo, muone ngati dimu ikugwa pansi, osati m'maso mwa anthu.

Chivundikiro choyenera chikasowa, bwererani ku halogen, si manyazi. Ine ndinachita kugula nyali zina ziwiri chifukwa mbale zija sizipukutika, zimakalika. Ndalama imeneyo ikanakwanira fizi ya teremu.

Mawa tsegulani boneti muone kumbuyo kwa nyali zanu. Mundiuze zimene mwapeza.