Atsibweni, munda wa mbumba si wogulira nyumba ya pakona

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndipo ndipepeseretu kwa amene mumayembekezera nkhani yachikondi, chifukwa ine ndabwera ndi mkwiyo. Ndikulemba ndili kwathu ku Nambuma, kumene Loweruka lapitali banja lonse tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tikukangana za nyumba imene ambiri mwa ife sitinaionepo ndi maso.

Nkhani yake ili motere. Atsibweni anga, alongo awo a mayi anga, apeza nyumba ku Lilongwe. Ili mu lokeshoni ina yakalekale, mwa nyumba za mdadada zija zogundizana makoma, ndipo yawoyo ndi ya kumapeto, imene anthu amati ya pakona. Anawaonetsa ndi dobadoba wina amene anakumana naye ku Kanengo atapita ku okushoni. Chiyambireni tsiku limenelo atsibweni tulo sakuliona. Ndalama za fodya sizinakwane ngakhale theka la mtengo wake, ndiye akuti tigulitse munda wa kuseri kwa mudzi pamodzi ndi dimba la kudambo kuti aonjezere. Wogula alipo kale, bwana wina wa m'tauni wofuna kumangapo makola a nkhuku.

Titawafunsa chimene chawakopa pa nyumba yakale choncho, yankho lawo linali limodzi: "Ili ndi malo kumbali." Poti ndi ya kumapeto, yagundizana ndi inzake mbali imodzi yokha, mbali inayo kuli kabwalo. Akuti pamenepo adzamangapo boyizikota ya lendi, kutsogolo n'kuikapo okala. Abale anga, tamvani bwino. Munthu akufuna kugulitsa maekala a nthaka imene yadyetsa mibadwo itatu kuti akagule kamalo kongokwanira chingwe choyanikira zovala. Ine ndikuti ayi, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Choyamba, munda umenewo si wa atsibweni. Kwathu kuno kwa Achewa nthaka imayenda ndi bere. Munda uja unali wa agogo aakazi, ndipo eni ake ndi amayi anga, azakhali awiri amene tonse timawatchula amayi aang'ono, ndi ana awo. Atsibweni ndi mwini mbumba, eya, koma umwini mbumba ndi udindo wosunga, wonga wa mlonda. Mlonda sagulitsa geti. Chimene chikuwapatsa mphamvu n'chakuti dzina lawo ndi limene lili pa pepala. Amene simuli a kuno mwina simudziwa kuti kumadzulo kwa Lilongwe minda yambiri ya mabanja inalembetsedwa kalekale, kutsatira malamulo a malo a 1967 ndi ntchito ya chitukuko cha ulimi imene inayamba cha m'ma 1968 ndi thandizo la World Bank. Malo amenewo timawatcha ndunda, ndipo pa pepala ankalembapo munthu woimira banja lonse. Makolo athu ankasankha munthu amene ankamukhulupirira. Lero dzina loimira anthu makumi atatu lasanduka dzina la mwini wake, ndipo m'midzi yambiri alongo amangodzidzimuka alendo akukhoma zikhomo m'munda mwawo chimanga chisanakololedwe n'komwe.

Chachiwiri, tiyeni tiione nyumbayo, poti ine ndinapita kukaiona. Sindikunyoza nyumba zakale. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, anthu apantchito ankafunika pokhala. Nyumba za m'nthawi imeneyo, kaya ku Area 18, ku Biwi, ku Falls, kapena ku Chitawira ndi ku Nkolokosa ku Blantyre, zinamangidwa ndi amisiri odziwa ntchito, ndipo zambiri zili chiimire. Koma zaka pafupifupi 50 si masewera. Nyumba ya atsibweniyi denga lake ndi la asibesitosi, malata olemera aja amene fumbi lake limavulaza mapapo akamasweka, ndipo kuwachotsa kumafuna ndalama ndi munthu wodziwa. Mawaya a magetsi ndi a nthawi imene m'nyumba munkangokhala mababu ndi wailesi. Mapaipi achita dzimbiri. Khoma la kumbali, loyang'ana kumene kumachokera mvula, lanyowa mpaka m'kati, penti ikungosupuka ngati khungu la njoka. Dobadoba anapaka laimu kutsogolo kokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye pali khoma lija logawana. Munthu wa kumudzi sazolowera kuti khoma la chipinda chake chogona likhalenso la munthu wina. Mukagula nyumba ya mdadada mwagula ndi mnansi yemwe. Mitengo ya denga ndi yolumikizana, choncho chiswe chikalowa kwa iye chafika kwa inu, moto ukabuka kwa iye wakupezani. Inu mungakonze mbali yanu, koma iye akapanda kukonza, mvula idzadontha ndithu. Suweji nayo ndi ya mzere umodzi, ndipo pa nyumba imene ndinaionayi chivundikiro chachikulu cha suweji ya mdadada wonse chili pakati penipeni pa kabwalo kamene atsibweni akufuna kumangapo boyizikota. Amene mwaiwala, kumbukirani zimene zinachitika ku Area 18 mu July 2017, pamene zonyansa za mu suweji zinalowa m'mipopi anthu n'kumwa, nkhani mpaka kukhoti. Mapaipi akale sachita nthabwala.

Tsono nali funso limene atsibweni anakanika kuyankha: kodi kabwalo ka kumbaliko kali m'mapepala a nyumbayo? Nyumba zambiri za pakona zili ndi malo amene mwini wake anangowatchingira ndi mpanda zaka zapitazo, anthu n'kuzolowera. Ena mwa malo amenewo ndi a msewu, ena ndi njira ya madzi, ena mumadutsa mapaipi. Mpanda si umboni. Umboni ndi mapu a puloti ndi mabikoni amene oyeza malo anaika. Tsiku limene a khonsolo adzabwere n'kulemba chizindikiro chofiira pa boyizikota, dobadoba adzakhala atasintha nambala ya foni. Ndiye kuti chinthu chokhacho chimene chakopa atsibweni, mwina sichikugulitsidwa n'komwe.

Sizinathere pamenepo. Wogulitsa nyumbayi ndi mnyamata amene akuti inali ya malemu bambo ake. Nanga abale ake ali kuti? Mayi ake ali moyo? Ali ndi kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye? Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, ndipo nyumba yogulidwa kwa mwana mmodzi ena asakudziwa ndi mlandu umene mwagula ndi ndalama zanu zomwe. Taonani mmene zinthu zikuyendera: atsibweni akufuna kugulitsa za alongo awo mwamseri kuti akagule kwa munthu amene mwina nayenso akugulitsa za alongo ake mwamseri. Mabanja awiri kulira tsiku limodzi, woseka ndi dobadoba yekha amene watenga yake mbali zonse ziwiri.

Ndikudziwa kuti ena muno mwayamba kale kundiyankha mumtima. Mukuti, iwe ukulankhula ngati ulimi ukupindula. Feteleza wakwera, mvula ikubwera mwa apo ndi apo, fodya mtengo wake amakuuza ndi wogula, pamene nyumba ya m'tauni imabala lendi mwezi ndi mwezi, kaya kuli chilala kaya kulibe. Mukutinso ana akapita kusukulu kapena kukafuna ntchito m'tauni adzakhala ndi pofikira, odwala otumizidwa ku Kamuzu Central adzapeza pogona owadikirira. Zimenezi n'zoona, sindikutsutsa. Inenso ndagonapo pa khonde la chipatala, ndikuudziwa ululu wosowa kwanu m'tauni.

Koma tiyeni tiwerengetsere bwino. Lendi imalowa m'thumba la munthu mmodzi, pamene munda umadyetsa nyumba zisanu. Lendi ikachedwa miyezi itatu, kapena wokhalamo akathawa usiku n'kusiya bilu ya madzi, atsibweni adzakwera minibasi kangati kuchokera kuno kukalondola? Pa lendi yomweyo muchotsepo msonkho wa khonsolo, lendi ya nthaka poti nyumba zotere zimakhala pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndi zokonzakonza zosatha za nyumba yokalamba. Chotsala ndi ndalama ya kwacha, ndipo tonse tikukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi matumba a chimanga ndi mtedza m'nyumba tsiku limenelo anagona tulo. Amene anali ndi ndalama ya lendi m'manja anaona ikusungunuka ngati mchere m'madzi. Dimba la kudambo lija ndi limene linatipulumutsa chaka chimene mvula inadula msanga: chimanga chachiwisi, tomato, mpiru, amayi n'kumagulitsa pamsika kupezako ya sopo ndi ya fizi. Lendi ya nyumba imodzi singalowe m'malo mwa zimenezo kwa anthu onsewa.

Ndipo pali chinthu china chimene chimandidabwitsa. Yendani msewu wa ku Mchinji, muone ku Mpingu mpaka ku Namitete, lowani cha ku Nsaru ndi kwa Kabudula. Amene akugula minda ndani? Ndi anthu a m'tauni, ophunzira, odziwa kuwerengetsa ndalama, ena mwa iwo eni ake a nyumba zakale zomwezi. Iwo akuthamangira kuno kudzagula nthaka, ife tikuthamangira kwawo kukagula makoma amene atopa nawo. Pamsika mukaona wogulitsa nyemba akusiya nyemba zake n'kumalimbirana zanu, dzifunseni kuti waona chiyani. Nyumba imakalamba, imagwa, ina imamangidwa. Nthaka palibe fakitale imene imapanga, ndipo anthu tikuchulukirachulukira. Munda ukapita wapita.

Mundimvetse, sindikuti munthu wa kumudzi asagule nyumba m'tauni. Agule, n'chifukwa chiyani asagule? Tauni ndi yathu tonse. Koma agule ndi thukuta lake: fodya wake, soya wake, ng'ombe zimene anaweta yekha. Ndipo asanatulutse ndi tambala yomwe, apite ku ofesi ya za malo akafufuze kuti nyumbayo ili m'dzina la yani ndiponso ngati sinaikidwe chikole kubanki. Aone lizi, aone mapu, aitane woyeza malo amusonyeze mabikoni. Afunse ngongole za khonsolo, za madzi ndi za magetsi. Atenge mmisiri wake, osati wa dobadoba, akwere kudenga akagogode mitengo. Apite kukaiona mu January mvula ili pakati, osati mu September pamene nyumba iliyonse imaoneka youma. Agogode kwa mnansi wa khoma limodziyo acheze naye, pakuti ameneyo ndiye adzakhale naye ngati mkazi wachiwiri. Safunsa anadya phula. Ndalama zikapanda kukwana, adikire chaka china. Nyumba za pakona sizidzatha mu Lilongwe.

Mawu anga ena apite kwa ife achinyamata amene tinapitako kusukulu, poti ambiri muno ndife omwewo. Pa malonda otere ndife timalemba kalata ya mgwirizano, ndife timasaina ngati mboni, ndife timawerenga Chingerezi cha pa pepala n'kumasulira mofewetsa kuti agogo adinde chala. Kenako timalemba ndakatulo zolira kuti nthaka ya makolo yapita. Inapita ndi cholembera chathu chomwe. Mukaitanidwa kuti mukalembe, funsani kaye kuti amayi a pabanjapo avomera kapena ayi, ndipo muwafunse paokha, atsibweni asali pomwepo. Ngakhale lamulo la malo a m'midzi la 2016 linaona kufunika kwake, n'chifukwa chake linati mu komiti ya malo, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi.

Loweruka lija amayi anga sanalankhule zambiri. Anakhala pa mkeka akusenda mtedza, amuna akukweza mawu. Dzuwa litapendeka anangofunsa kuti, "Achimwene, nyumbayo ili ndi zipinda zingati?" Atsibweni anati ziwiri ndi pabalaza. Amayi anati, "Chabwino. Ndiye munda ukapita, ine ndi ang'ono angawa ndi ana athu mukatiika chipinda chiti?" Panalibe anayankha. Atsibweni anadzuka n'kukankha njinga yawo osatsanzika.

Nkhaniyi sinathe. Lachitatu tikupita nayo kwa a Gulupu, ndipo bwana wa nkhuku uja akuimbabe foni tsiku ndi tsiku. Atsibweni ndimawakonda, ndi amene anandilipirira fizi ya Fomu 3 bambo atamwalira, ndipo ndikudziwa kuti akamva kuti ndalemba izi sadzandilankhula mpaka kukolola. Ndalolera. Amene mukuona kuti ndalakwa, bwerani tikangane, koma muyambe mwayankha funso la amayi lija.