Kadontho Kofiira pa Mfuti ya Chifefe: Thandizo Kapena Msampha?

Pakati pa alenje a ku America pali mkangano wosatha pa kagalasi kokhala ndi kadontho kofiira komwe ena amakamangirira pamwamba pa mfuti ya chifefe. Kampani ya Aimpoint ya ku Sweden inatulutsa kachipangizo kotere mu 1975, ndipo lero kafala kwambiri kwa osaka nkhukundembo zam'tchire.

Okakonda ali ndi mfundo yolimba. Nkhukundembo imawomberedwa kumutu ndi pakhosi itaima. Zipolopolo zamakono za tungsten, zikadutsa mumpope wothina kukamwa, zimatuluka zitaunjikana, moti mbalame ikakhala pafupi kuphonya n'kosavuta. Mlenje mtima ukamagunda amadzutsa tsaya pa mfuti kuti aione bwino, kamkanda ka kumlomo kwa mpope n'kumunamiza, chipolopolo n'kudutsa pamwamba. Kadontho kamachotsa vutoli, chifukwa ngakhale mutu usunthe pang'ono, pomwe kali m'pomwe mfuti yaloza. Kamathandizanso okalamba amene maso ayamba kuchita chidima, komanso osaka agwape ndi chipolopolo chimodzi chachikulu.

Koma bakha wouluka ndi nkhani ina. Pamenepo maso onse awiri amayenera kukhala pa mbalame, manja n'kumatsatira, mlomo wa mfuti n'kupitirira kutsogolo kwake. Kadontho kowala kamakokera diso ku mfuti, dzanja n'kuima, zipolopolo n'kutsalira m'mbuyo. Pa mpikisano wa Olimpiki wowombera timbale tadothi, zipangizo zowala zotere n'zoletsedwa, ndipo akatswiriwo amaswa timbale popanda izo. Onjezani batire lotha, galasi lochita nthunzi m'mvula, ndi mtengo umene nthawi zina umaposa wa mfuti yakale.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtunda. Kwa zaka zambiri alenje a nkhukundembo ankati mayadi 40 ndiwo malire. Kadontho kakakhala bwinobwino pakhosi pa mbalame ili kutali, mtima umati womba. Koma galasi siliwonjezera mphamvu ya chipolopolo, ndipo chotsatira ndi mbalame yovulala imene ikafera m'thengo patapita masiku. Zimenezi zimandiwawa.

Choncho pa chifefe cha nkhukundembo ndi agwape kadonthoka ndikukavomera, pokhapokha mwini wake atayamba wawombera papepala lalikulu pa mitunda yosiyanasiyana, kuwerenga mabowo, n'kudziwa pomwe mfuti yake imalekezera. Pa mfuti ya mbalame zouluka, ndalamazo ndi bwino zipite ku zipolopolo zophunzirira.