Mwana wozunzidwa pasukulu angadzipweteke kapena kupweteka ena

JOHANNESBURG – Mu April 2021, mtsikana wa zaka 15 wa pasukulu ya sekondale ya Mbilwi m'chigawo cha Limpopo ku South Africa anadzipha, kanema womuonetsa akumenyedwa makofi ndi wophunzira mnzake atafala pa intaneti. Ana ena anali pomwepo, akuonerera ndi kujambula.

M'dziko lomweli, mu November 2012, mnyamata wa zaka 18 wa pasukulu ya Phineas Xulu ku Vosloorus, kufupi ndi Johannesburg, anatenga mfuti ya mayi ake, omwe anali wapolisi, n'kuwombera mnzake amene ankati wakhala akumuzunza. Mnzakeyo anamwalira.

Kawirikawiri nkhani zotere zimaweruzidwa padera: woyambayo amamvetsa chisoni, wachiwiriyo ndi chigawenga. Koma kafukufuku akusonyeza kuti nthawi zambiri gwero lake limakhala limodzi. Mu 2002, nthambi ya Secret Service ndi unduna wa zamaphunziro ku United States zinatulutsa lipoti la ziwembu 37 zochitika m'sukulu. Mwa achinyamata 41 amene anachita ziwembuzo, 71 mwa 100 alionse ankadziona kuti akuzunzidwa kapena kuopsezedwa, ndipo 78 mwa 100 alionse anali ataganizapo kapena kuyesapo kudzipha. Wolusayo ndi wotaya mtimayo anali mwana mmodzi yemweyo.

Izi sizitanthauza kuti nkhanza zokha ndizo zimapha. Ana ochuluka ozunzidwa sadzipha ndipo sapweteka munthu. Ngozi imakula pamene kuzunzidwako kwaphatikana ndi matenda ovutika maganizo, mowa, nkhanza za kunyumba, kusowa wamkulu womukhulupirira, komanso chida chopezeka pafupi, monga mmene zinalili ku Vosloorus. Foni nayo yawonjezera vuto: kale manyazi ankathera pachipata cha sukulu, koma tsopano amamutsatira mwana mpaka kuchipinda, usiku ndi usana.

Chiwerengero cha ana okhudzidwa n'chachikulu. Lipoti la bungwe la UNESCO la 2019 linati padziko lonse wophunzira mmodzi mwa atatu anali atazunzidwapo ndi anzake m'mwezi umodzi wokha, ndipo kumwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerocho chinali 48 mwa 100 alionse.

Malamulo alipo. South Africa inaletsa kukwapula ana kusukulu mu 1996, ndipo mu 2019 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linaletsanso kumenya ana kunyumba. Komabe lamulo limafika kaamba ka mlandu, pamene mwana wozunzidwa amakhala ataonetsa zizindikiro kale: kujomba, kudzipatula, kutsika m'maphunziro, kupsa mtima msanga. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza, wopanda mlangizi womuthandiza, amaziona ngati mwano chabe, n'kupereka chilango kwa mwana amene amafunika kufunsidwa chomwe chamuvuta.