ZA PABANJA PATHU: Pogula Ngolo Yatsopano

Mwezi uno tikambirane za ngolo. Ife a kuchigwa cha Shire tidziwa kuti banja lokhala ndi ngolo silisenza thonje kapena mapira pamutu, ndiponso wodwala akafooka usiku, ngolo yomweyo ndiyo imfikitsa kuchipatala. Koma kawirikawiri pogula ngolo pamalowa ng'ombe yathunthu kapena ndalama za thonje la chaka chonse. Tsono tisapupulume.

Choyamba, bambo ndi mayi agwirizane ali kunyumba ndalama zimene sadzapitirira. Ndalamazo n'za banja lonse, ndipo fizi ya ana ikudikira pomwepo.

Chachiwiri, tiyende. Tifunse mitengo kwa amisiri atatu kapena anayi, kaya pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula. Paja safunsa anadya phula. Wodziwa mtengo wa kwina amanenerera mosaopa. Tikumbukenso kuti nyengo yogulitsa thonje ogula amachuluka, ndipo mmisiri savomera msanga kutsitsa. Thonje likatha, mtima wake umafewa.

Chachitatu, tiyang'ane ngoloyo tisanatchule ndalama. Penti yowala isatinyenge. Ngolo zambiri "zatsopano" zimakhala pa ekiselo ndi matayala a galimoto yakale. Ichi si cholakwa, koma chiyenera kuoneka pamtengo. Tinyamulitse mbali imodzi, tizungulitse tayala: likamalira kapena kugwedera, ntchito ilipo. Tione mowotcherera monse, ndi matabwa ngati ali ouma, pakuti thabwa laliwisi limapindika ndi dzuwa la kwathu kuno. Dothi la makande a ku Ngabu limamata nthawi ya dzinja, ndipo ngolo yofooka imathyokera momwemo.

Tikatero tilankhule mwaulemu: "Bambo, ntchito yanu taiona, koma matayalawa ngakutha. Mutichotserako zingati?" Akakana kutsitsa, tipemphe kuti awonjezepo goli, tcheni kapena tayala lapadera. Akakanabe, titsazike bwino. Nthawi zina mtengo weniweni umamveka wogula atatembenuka.

Komabe kunenerera si kufinya mnzathu. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zitsulo ndi penti zinakwera mtengo. Mmisiri nayenso ali ndi ana. Tikamfinya kopitirira, adzabweza pa chitsulo chopyapyala, ndipo olira tidzakhala ife tomwe, ngolo itagona panjira ndi thonje lathu.

Potsiriza, tisapereke ndalama zonse ngolo isanathe. Tipereke theka, tilemberane papepala mtengo, tsiku lotenga, ndi lonjezo lakuti chikathyoka chitsulo m'miyezi yoyamba adzakonza yekha. Pakhale mboni. Mabanja ambiri adataya katundu ndi namondwe Freddy mu March 2023, ndipo akuyambanso pang'onopang'ono. Ndalama zopezeka movutika chotero zisatayike chifukwa cha manyazi ofunsa.